Kamba wa Bambo Wasiya Kudya

Aphungu,

Musandiseke, nkhani yanga ndi ya kamba. Inde, kamba weniweni wa chigoba, amene amakhala kuseri kwa nyumba ya bambo anga.

Bambo anagwira ntchito yoyendetsa basi mpaka kupuma. Kambayu anamutola ndi malemu amayi kalekale, ali kamwana, akuwoloka msewu pafupi ndi depoti. Bambo anamupatsa dzina loti Kondakitala, ati chifukwa amayang'ana munthu aliyense ngati sanalipire.

Chaka chatha amayi anatisiya. Kuchokera pamenepo bambo anangodzikhomera pampando wawo wa pawindo. Kutchalitchi ayi, kometetsa ayi, ngakhale pageti penipenipa osafika. Miyendo inayamba kutupa, ndipo adokotala anati azituluka, aziona anthu. Ndinachonderera mpaka malovu kuuma. Tsiku lina anandiyankha kuti, "Ndipita ngati Kondakitala akwere nawo."

Ndiye Loweruka lililonse ndimawatenga pagalimoto yanga, timazungulira m'matauni oyandikana nafe mmene basi yawo inkadutsa, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Amavala jekete lawo lakale la kuntchito n'kukhala kutsogolo, kamba ali pamiyendo m'beseni la pulasitiki limene amayi ankachapiramo. Tikafika pamlatho kapena pasiteji ina, amamukweza m'mwamba kuti aone pawindo. "Taona, Kondakitala, apa ndi pamene mayi ako anandiimitsa koyamba, atanyamula ambulera yothyoka." Njira yonse amangomufotokozera za amayi. Ine mtima supirira, Aphungu. Misozi imanditseka m'maso ndili pachiwongolero, ndiye ndimangokweza wailesi n'kuwasiya azicheza awiriwo.

Bambo asinthadi. Ayambanso kumeta ndevu, ndipo Lachisanu amasita okha malaya. Koma kambayo ndi amene akundidetsa nkhawa. Ulendo uliwonse amakodza m'beseni, madzi ambiri zedi, bambo n'kumaseka kuti pasinjala wopanda ulemu. Tikabwerako amakabisala pansi pa thanki ya madzi masiku angapo. Tsopano masamba akungowanunkhiza, ngakhale nkhaka imene ankaikonda kwambiri sakuikhudza. Maso alowa m'kati, ndipo ukamunyamula wapepuka. Bambo akuti akulira amayi.

Ndikanena kuti azitsala, ndikudziwa kuti bambo abwerera pampando uja. Ndikakhala chete, kamba afera m'manja mwawo, chonsecho ndi chamoyo chokhacho chimene amayi anawasiyira pakhomo. Ndichite chiyani?

Ine T. N., mwana wa adalaivala.

Mwana wa adalaivala,

Sindikukusekani, ngakhale dzina la Kondakitala landikomera. Pepani kwambiri ndi imfa ya amayi. Tiyambe ndi wodwalayo.

Kamba wanu sakulira maliro ayi. Ali ndi ludzu komanso mantha. Madzi amene amataya m'beseniwo ndi amene amasunga m'thupi kuti azimuthandiza pa nthawi youma, ndipo akaopsezedwa amawatulutsa onse. Ndiye taganizani: beseni loterera, galimoto ikugwedezeka, dzuwa likumuwotcha pagalasi, kenako wina wamukweza m'mwamba miyendo ili lendelende. Kwa iye zimenezo sizisiyana ndi kugwidwa ndi chilombo. Loweruka lililonse! Nanga angadye bwanji?

Mawa lomwe mupite naye kwa dokotala wa ziweto, chifukwa maso olowa m'kati si nkhani yodikira. Pakadali pano muzimukhazika m'madzi ofunda pang'ono, osapitirira pachibwano, kwa kanthawi m'mawa uliwonse, inu muli pomwepo. Popita kwa dokotalako, beseni lija litsale. Mumuike m'katoni yoboola timabowo, muyalemo thaulo, ndipo katoniyo ikhale pansi kuseri kwa mpando, pamthunzi. Mumdima kamba amadekha. Musamusiye m'galimoto yotseka ngakhale mwangotsika kukagula madzi, ndipo muzisamba m'manja mukamugwira. Ngakhale akachira, maulendo ake athere pomwepo. Kamba alibe nazo ntchito zoona malo. Dziko lake ndi thanki ija ndi mpanda wa kuseri, ndipo limamukwanira.

Bambo musawabisire, koma musawalamulenso ngati mwana. Pitani nawo kwa dokotalayo akamve ndi makutu awo. Kenako muwafunse monga dalaivala: "Bambo, pasinjala akadwala m'basi mwanu, munkangopitiriza naye ulendo?" Munthu amene wanyamula anthu moyo wake wonse yankho akulidziwa. Ntchito yomukhazika m'madzi ndi kumudyetsa musananyamuke ikhale yawo, kuti aone kuti sakumutaya, akumusamala.

Tsopano za inuyo. Mwalemba chinthu china mongodutsa, koma ine ndaima pomwepo. Mukuti bambo akayamba za amayi, inu mumakweza wailesi. Kodi mukuganiza kuti kamba ali nazo ntchito za ambulera yothyoka? Nkhani zimenezo n'zanu. Bambo anaona kuti zikukupwetekani, ndiye anapeza woti azimuuza inu muli pambali. Sindikukudzudzulani, nanunso mwaferedwa, ndipo chilonda chikadali chachiwisi. Koma Kondakitala akatsala kunyumba, m'galimotomo payenera kupezeka wina womvetsera. Akasowa, bambo abwereradi pawindo paja, ndipo ulendo uno kuwachotsapo kudzavuta.

Loweruka likubwerali, mukafika pasiteji ija, muimitse galimoto pambali, poti kulira uli pachiwongolero n'koopsa. Misozi ikabwera isiyeni, lirani nonse awiri, palibe amene akuthamangitseni. Kenako muwafunse kuti ambulera ija inali ya mtundu wanji, ndipo inathyoka bwanji. Mudzadabwa kuti za amayi anu mukudziwa zochepa.

Chenjezo langa ndi ili: musasiye kamba pakhomo n'kunyamukanso wailesi ili chiyatsire. Mukatero mupulumutsa kamba, koma bambo muwataya.

Aphungu