Madontho Ofiira a M'mutu mwa Fyness

Sinda,
22 Seputembala 2025.

Okondedwa achimwene a Evans,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusaka pamodzi ndi alamu. Kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ukwati wa mwana wanga Fyness ndi Steven, umene analengeza kutchalitchi kuti ndi wa pa 18 Okutobala, ukufuna kutha usanayambe.

Mukukumbukira kuti mu 2022 anthu a kafukufuku anatenga achinyamata amene anadwalapo malungo okomola ali ana, Fyness mmodzi wa iwo, kukawajambula ubongo. Pa 5 Ogasiti chaka chino anabwera kusukulu kudzationetsa zimene analemba m'pepala lawo. Panali chithunzi cha ubongo chokhala ndi madontho ofiira, ati malo amene malungo anawononga. Amalume ake a Steven anali pa benchi yakutsogolo.

Lachisanu lapitali amalumewo anafika pakhomo. Anakana ngakhale mpando. Anati, "Mayi, tinaona ndi maso athu. Mwana wanu ali ndi mabala m'mutu. Mukufuna tidzalere zidzukulu zakhunyu?"

Loweruka ndinakwera basi kupita ku Katete kwa a Eunice, anesi amene ankathandiza pa kafukufukuyo. Anandiuza kuti chithunzicho si mutu wa Fyness, ndi mitu ya achinyamata onse 46 yophatikizidwa. Anatinso makina amayang'ana timalo masauzande ambiri mu ubongo, ndiye tina timafiira mwangozi chabe, ngati mankhusu m'chimanga. Pali masamu opetera zangozizo, ndipo olemba ayenera kunena m'pepala kuti anapeta motani. Olemba pepala lija sananene. Akatswiri ena atawafunsa, anapeta bwino, madontho onse n'kuchoka. Akuti anavomera kulakwa pa intaneti, m'Chingerezi. Koma achimwene, kusukulu kuja sanabwerenso. Ndani kuno awerenge zimenezo?

Dzulo titaweruka kutchalitchi ndinayesa kufotokozera amalume aja. Anaseka, nati ine wa giredi seveni ndayamba liti kupeta ubongo. Steven anangoyang'ana pansi.

Ankhoswe akumana Loweruka pa 27. Mwini mbumba ndinu, mawu anga okha salemera. Chonde ndagwira mwendo wanu, bwerani. A Eunice avomera kudzalankhula ngati inu muwaitana monga banja. Mupemphenso mwana wanu akusindikizireni pepala lokonzedwalo, lokhala ndi chithunzi chopanda madontho, chifukwa anthu awa amakhulupirira chimene aona. Mukalephera kubwera, sindikudziwa kumene ndingalowere.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Fyness nayenso akupereka moni wambiri. Ali pakhonde pano, akuyeserera nyimbo zolowera m'tchalitchi ndi anzake. Akuti ndikukumbutseni nsapato zoyera zija, nambala 5, zachidendene chachifupi. Sindinamuuze kanthu. Nsapatozo mubwere nazo ndithu.

Ndine mlongo wanu,
Yunesi Mbewe.