Kope limene alamu anawerenga

Okondedwa achemwali,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata, inu amene muli kale ndi zochita zambiri. Ndikanaimba foni, koma pafoni mawu amandithawa, inu n'kumangolankhula nokha. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija lasiya kutupa? Nanga mwana wanga ali bwanji? Ine ndilipo. Ntchito ndi yomwe ija, kusita zovala za eni ake kuyambira seveni koloko mpaka faifi. Simbi yanga yayamba kudontha madzi, akapitawo akuti ndipirire kaye.

Uthenga wanu ndalandira, woti mwana asabwere kuno sukulu ikatsekera chifukwa mutu wanga sukuyenda bwino. Simunandifunse kanthu, ndiye ndifotokoza ndekha, mwandondomeko.

Mukudziwa za matenda anga othamanga magazi. Ndinagula kamakina koyezera, ndipo ndinkadziyeza kakhumi pa tsiku, ngakhale kuntchito, mobisala m'chimbudzi. Nambala ikakwera mtima unkagunda, mtima ukagunda nambala n'kukweranso. Mwezi umodzi wokha ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono kasanu ndi kamodzi. Adokotala anandiyeza zonse, anati mtima ulibe vuto, mankhwala ndipitirize, koma ndikaonanenso ndi mayi ena a chitseko chachitatu, kungodutsa pasikelo. Mayiwo ndi dokotala wa maganizo. Si chipatala cha amisala, achemwali. Pabenchi pawo timakhala ndi odwala shuga, ofuna kusiya fodya, ndi bambo wina wa msana amene amati chimene chidzamuphe ndi benchi lomwelo.

Mayiwo sapereka mapiritsi kapena jakisoni. M'chipinda mwawo muli mipando iwiri ndi wotchi basi. Anandiletsa kudziyeza kopitirira kawiri pa tsiku, anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono ndikuwerenga mpaka sikisi. Kenako anati ndigule kope, tsamba lililonse ndiligawe panayi: nthawi, chimene chachitika, chimene ndaganiza, ndi chimene chachitikadi pambuyo pake. Anati maganizowo ndiziwalemba mmene abwerera, osawakometsa. Mizere ndinajambula ndi rula. Anaseka, ati chiyambire ntchito sanaonepo kope laukhondo chotere.

Limeneli ndi kope limene alamu, amuna anu, anawerenga. Anafika Lamlungu masana ndi lole yawo, ndinawaphikira, anadya mpaka kunyambita zala. Ndinatuluka kukawagulira chakumwa chozizira pagolosale, kope lili pansi pa pilo. Pansi pa pilo, achemwali, osati patebulo. Munthu wamkulu amafunanji pansi pa pilo wa mlamu wake? Nditabwerera ankangondiyang'ana chammbali ngati ndiwaluma, n'kutsanzika chakumwa chili theka.

Inde, mawu akuti ndikufa lero alimo. Alimo kakhumi ndi kanayi, ndachita kuwerenga. Alimonso akuti mwana wanga adzatsala yekha. Koma alamu akanasuntha chala chawo pang'ono kumanja, akanaona gawo lachinayi pamene ndinalemba kuti sindinafe, ndinamaliza malaya makumi atatu, ndinakwera basi, ndinafika kunyumba. Ntchito ya kopelo ndi imeneyo, kuti ndizidzionera ndekha kuti mantha amandinamiza. Mwezi wathawu mawu aja ndinawalemba kawiri kokha. Nambala zatsika, adokotala anachita kundigwira chanza. Zimenezo alamu sanabwere nazo kumeneko. Iwo amene mapiritsi awo amawasiya m'lole kuti azipsa ndi dzuwa, lero ndiwo akudziwa za mitu ya anthu.

Zonsezi ndikanameza. Koma Lachisanu mwana anandifunsa pafoni, ndi mawu apansipansi, ngati ndikumudziwabe. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri sadzipangira yekha funso lotere. Walimva kwa akuluakulu, pakhonde panu. Ndinamuyankha kuti ndikudziwa ngakhale chipsera cha pachigongono chake. Anati chabwino, n'kudula. Zaka zinayi mwandisungira mwana, ndipo kuthokoza sindidzasiya. Koma ndinakusiyirani kuti mumulere, osati mumuphunzitse kundiopa.

Ndinawafotokozera mayi aja. Ndinawauza mokalipa kuti kope lawo landilanda mwana, ndipo ndiling'amba. Sanatsutse, anangofunsa ngati alamu adzaiwale zimene anawerenga ndikaling'amba. Anatinso iwo saloledwa kuuza aliyense za ine popanda chilolezo changa, lamulo limene kubanja kwathu sitinalimvepo. Ndiye ndasaina pepala lowalola kulankhula nanu, inu nokha, osati alamu. Ndidzakhala nawo Lachinayi pa 12, naini koloko m'mawa, ndipo tidzakuimbirani tili limodzi. Mudzawafunse chilichonse, ngakhale funso limene simukufuna kundifunsa ine, loti kodi mwana angakhale bwinobwino m'nyumba mwanga.

Pempho langa ndi limodzi, mudzayankhe foniyo, ndipo mudzamvetsere mpaka amalize. Sukulu ikutsekera pa 20. Akapitawo akufuna maina a opita kutchuthi pofika pa 13, ndipo ndikaphonya pamenepo, ngakhale mutadzasintha maganizo, mwana adzabwera kudzakhala yekha m'chipinda tsiku lonse.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana anu onse. Alamu muwapatse moni mukaona kuti n'koyenera.

Chonde mundiyankhe lisanafike Lolemba pa 9, kuti mayi aja asunge nthawiyo, poti odikira pabenchi ndi ambiri. Mukafuna kukana, kanani, koma mwana mumuuze kuti mayi ake anapempha.

Ndatha ine mng'ono wanu,
uja mumamutcha Wamantha