Suti ya Laban

Yofu,
Likoma.
14 Ogasiti, 2024

Okondedwa alongo anga a Annette,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Kawale. Kuno tilipo, kungoti mwera chaka chino wakana kuchoka, ndipo chifuwa cha mayi a Laban chabwereranso. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundipatsa mpata. Ndikangoti "alongo", inu mwayamba kale kundiwerengera milandu mpaka mayunitsi kutha. Munali otero kuyambira tili ana, ndipo sindikuyembekeza kuti musinthe lero muli ndi imvi. Pepala lokha ndilo simungalidule mawu.

Poyamba ndithokoze kuti mwamusunga Laban m'nyumba mwanu chibwerereni ku America. Ndamva kuti bedi lamuchepera ndipo mwaika mpando kumiyendo. Ifenso tinkatero. Ndamvanso kuti akuti pachilumba pano sadzapondanso, ndipo dzina langa likatchulidwa amatuluka panja. Inu mwamva mbali yake n'kuweruza kuti ndaphera mwana tsogolo. Imvaninso yanga, kuti mukamandidzudzula muzindidzudzula muli ndi nkhani yonse.

Mukudziwa kuti ine za basiketibolo zinali kutali nane. Telala amadziwa ulusi ndi singano. Laban atatengedwa ndi aphunzitsi aja a ku Mzuzu, kenako n'kukafika ku koleji ya ku America, ndinkangouza anthu kuti mwana wanga akuphunzira ulere chifukwa choponya mpira m'dengu lobooka. Ndi iye mwini amene anandifotokozera chaka chatha mmene zimayendera. Akuti chaka chilichonse matimu a ligi yaikulu ya kumeneko amasankha anyamata a m'makoleji mosinthana, ngati amayi pagombe bwato likafika: woyamba atola chambo, womaliza atola zotsala. Chinandiseketsa n'choti matimu amene agonja kwambiri chaka chonse ndiwo amayamba kutola. Ndinati, "Ndiye kuti timu yathu ya mpira ya kuno ku Yofu ikanakhala kumeneko, bwenzi ili ndi zimphona zokhazokha." Anaseka mpaka kutsamwa. Kuseka kumeneko ndakusowa, alongo.

Anandiuzanso kuti malo apamzere wosankhirawo ndi chuma chenicheni. Matimu amasinthanitsa malowo ndi osewera okhwima, ndipo amene ali ndi malo akutsogolo sagona tulo kuopa kutola nsomba yovunda. N'chifukwa chake amatumiza anthu kukafufuza mnyamata mpaka kumene unagwera mchombo wake. Ndipo anati, "Ababa, tsiku losankhalo aliyense amavala suti. Anzanga akugula za mayina, koma ine ndikufuna yanu." Ndinaitanitsa nsalu yabuluu woderapo ku Mzuzu, ndipo miyezo yake sindinachite kufunsa.

Mu Epulo sitima inabwera ndi mlendo, bambo Davis, munthu wa ku Lusaka amene amayendera anyamata m'malo mwa timu ina ya ku America. Anandipeza pashopu ku Chipyela ndikudula nsalu yomweyo. Nditaimirira kuti ndiwapatse moni, ndi ufupi wangawu, anandiyang'ana ngati akudikira kuti ndimalize kuimirira. Titafika kunyumba n'kuona mkazi wanga Evelina, amene amandilekeza m'khutu, anangomwetulira mwaulemu n'kukhala pansi. Ndinawakonda bambowo. Sanali onyada, ndipo tiyi wathu anamwa osayang'ana m'kapu.

Anati m'chinenero chawo cha ku Lusaka, "Ba Jeremiya, timu yathu inataya wosewela wabwino kuti ipeze malo aya. Tikasankha molakwa tizalila zaka zambili, na ine nchito yasila. Manje niuzeni zoona: ku banja kwanu kuli munthu anafa mwazizizi akali na mphamvu?"

Anafotokoza kuti madokotala atajambula mtima wa Laban anaona kuti mtsempha waukulu wotuluka mumtimamo ndi wotakasuka pang'ono. Ena ankati n'zachibadwa kwa munthu wamkulu thupi chotero, ena ankakayika. Akuti pali matenda oyenda m'magazi a banja, okonda anthu ataliatali a mikono yaitali, ndipo mtsemphawo umatha kung'ambika munthu akuthamanga. Ngati kubanja kulibe zotero, timu inali yokonzeka kumutenga Laban.

Ndinayankha kuti ababa athu anamwalira ali nkhalamba yotheratu, akukanganabe ndi ansembe za kaimbidwe ka nyimbo, ndipo amalume onse anafika pogwira ndodo. Bambo Davis anasangalala. Sindinawanamize, alongo. Ndinangowafotokozera za banja limene iwo sankalifuna.

Inu mukudziwa, monga chilumba chonse chidziwira, kuti pamene ndinkakwatira Evelina anali kale ndi pathupi pa Rafael, wamalonda uja wa ku Kobwe, kutsidya ku Mozambiki. Munandiletsa nthawi imeneyo, ndipo mawu amene munanena ndikuwakumbukira, ngakhale inu mwina munawaiwala dala. Ndinamukwatirabe, mwana ndinamubatiza ndi dzina langa, ndipo anthu akuno, amene amadziwa kusunga chinsinsi chimene aliyense akuchidziwa, anatseka pakamwa. Amene sankadziwa ndi Laban yekha. Akandifunsa kuti utali anautenga kuti, ndinkati kwa malume wina amene anatchona ku Joni.

Chimene inu simunaone ndi imfa ya Rafael. Zaka zingapo zapitazo anafika pamsika atasenza thumba la mpunga kuchokera kuboti. Analitula, n'kugwira pachifuwa, n'kunena kuti m'katimo china chake chang'ambika. Anakhala pansi ndipo sanadzukenso. Ine ndinali pakhonde la shopu, ndipo nsalu imene tinamufunditsa inachokera pashelefu panga. Sinakwane, mapazi anatsala panja.

Mlendo atabwerera kumene ankagona, Evelina anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuyang'ana chinangwa ngati ndine mlimi. Anati, "Mwayankha bwino, bambo a Laban. Zisiyeni pomwepo."

Ndinati, "Nanga akakagwa pabwalo?"

Anati, "Mulungu amene anam'kuza ndiye adzam'sunga. Mukalankhula, mwana ataya mwayi, ine nditaya nkhope, inu mutaya mwana. Mupindulanji?"

Musamuweruze mlamu wanu. Pa zitatu zonsezo ananena zoona.

M'mawa mwake ndinapita kushopu ndili ndi mtima woti nditsatire malangizo ake. Ndinayala jekete patebulo kuti ndilumikize manja, ndipo manjawo anadutsa tebulo n'kulendewera pansi. Kupatula pa zovala za Laban, manja otero ndinasokapo kamodzi kokha m'moyo wanga, pa malaya a Rafael. Ndinaiyang'ana jekete ili gone chagada, yopanda munthu m'kati. Alongo, ine ndakonzapo masuti ambiri a anthu opita kumanda, ndipo ndimadziwa mmene suti imagonera ikakhala ya maliro. Ulusi unakana kulowa m'singano. Ndinatseka shopu n'kutsetserekera kudoko, kumene bambo Davis ankadikira sitima.

Sindinalankhule zambiri. Ndinangowatenga n'kupita nawo kwa a Agnes, mlongo wake wa Rafael, amene amabwera kudzagulitsa tomato ndi nkhuni pamsika. Ndinati, "Mayi, auzeni alendowa za amuna a kwanu."

Anati, "Amuna a kwathu sakalamba, bambo. Ababa anagwera m'munda, achimwene aakulu anagwa akukoka khoka, Rafael anagwera apo mwaimapo. Onse ataliatali." Atatero anatembenukira kwa ine n'kufunsa, "Mwana uja ali bwanji? Ife timangomuonera patali."

Bambo Davis anavula chipewa. Anati, "Ba Jeremiya, muziwa kuti nifunika kuwauza?" Ndinati n'chifukwa chake ndawauza. Sanandiyamikire ndipo sanandidzudzule. Anangondigwira paphewa, n'kukakwera sitima.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Madokotala anamuyezanso Laban, ulendo uno akudziwa chimene akufunafuna, ndipo matendawo anawapeza. Anamuletsa kusewera mpira wa mpikisano moyo wake wonse. Tsiku losankha litafika mu Juni, timu ya bambo Davis inatola mnyamata wina wa dziko lina, ndipo anyamata a kuno akuti ndi wabwino ndithu. Malo aja sanawonongeke. Amene anawonongeka ndi ife.

Anthu amene ankayamba kundipatsa moni ndili patali, ena mpaka kunditchula abwana, tsopano amandipenyera m'mbali. Pamsika akuti telala wang'amba yekha suti ya mwana wake. Ena akuti ndi nsanje, ndinkaopa kuti mwana akalemera adzafunafuna abale ake enieni. Amenewo ndimawasiya, pakamwa ndi pawo. Evelina anasiya kupita ku kwaya, ndipo m'nyumba timalankhulana za mchere ndi sopo basi. Sanandinyozepo, koma bwenzi zili bwino akanandinyoza.

Laban anandiimbira kamodzi kokha, asananyamuke ku America. Sanalalate. Anati, "A Jeremiya, ndinu ndani inu kuti mulankhule za magazi anga?" Mwamva, alongo? A Jeremiya. Mwana amene ndinkamuyeza nditakwera pampando, iye akundigwira kuti ndisagwe. Anati ndinamusiya akudutsa bambo ake pamsika, akuwagula mpunga, osadziwa kanthu, mpaka anafa asanawapatseko moni ngati mwana wawo. Pomaliza anati akanakonda kugwera pabwalo anthu akuwomba m'manja kusiyana ndi kukhala wamoyo wopanda ntchito. Ndinati, "Mwana wanga, amene amawomba m'manja sanyamula bokosi." Anadula foni.

Munandifunsa tsiku lija kuti, kodi madokotala sakanapeza okha? Mwina akanapeza. Mwinanso akanasewera zaka zambiri popanda chovuta, n'kukumangirani nyumba yosanja ku Kawale, ine n'kufa ndili bambo ake. Sindikudziwa, ndipo kusadziwako kumandidya tsiku lililonse. Ndikamapalasa mashini ndimazipima mbali iyi ndi iyo, ndipo nthawi zonse ndimathera pa mapazi aja amene anatsala kunja kwa nsalu. Mukandifunsa ngati ndingachitenso, ndingachitenso. Kudziwa zimenezo sikuchepetsa ululu ngakhale pang'ono.

Tsopano zopempha zanga, ndipo musazitaye chifukwa chokwiyira mwini wake. Muzionetsetsa kuti Laban wamwa mankhwala, musamangomufunsa, chifukwa amayankha inde pa chilichonse akafuna kuti umusiye. Musamunyamulitse matumba a chimanga kapena zigubu za madzi, ngakhale atadzipereka yekha. Ndikudziwa kuti m'nyumba mukakhala chimphona aliyense amafuna kuchituma, koma alamu ali ndi manja awo. Anyamata akumeneko akabwera kudzamutenga kuti akangoonerera mpira, mudziwe kuti Laban sanaonererepo mpira chibadwire, amangolowamo. Ngati akufuna kuphunzitsa ana, aziphunzitsa ataima. Tsiku lopita kuchipatala likafika mupite naye, mukamve nokha zimene adokotala anene, ndipo mundiuze zonse, zabwino ndi zoipa.

Akafuna kudziwa za Rafael, musamuletse. A Agnes akuti khomo la ku Kobwe ndi lotsegula, ndipo ali ndi chithunzi chimodzi chimene angamuonetse. Ine ndingamuperekeze mpaka kuboti. Ngati sakufuna kuyenda nane, ndizitsatira m'mbuyo patali, sadzandiona n'komwe poti ndine wamfupi.

Amene akubweretserani kalatayi akupatsaninso ufa wa kondowole ndi usipa wouma kuchokera kwa mayi ake. M'phukusi linalo muli suti. Ndinaimaliza mwezi wathawu, chifukwa telala sasiya ntchito ili pakati. Musamukakamize kuivala, mungoipachika poti aziiona. Akaitaya, muitole mwakachetechete n'kuisunga. Mukaitembenuza muona kuti m'misoko ndasiyamo nsalu yambiri, m'chiuno ndi m'mapewa momwe. Sikulakwitsa ayi. Munthu wamoyo amanenepa, ndipo ndikufuna kuti suti imeneyo idzafike pomuthina, pa ukwati wake kapena pa ubatizo wa mwana wake, kuti adzasowe telala woikulitsa.

Perekani moni kwa alamu ndi kwa ana onse. Evelina akupereka moni kwa inu, ndipo kwa mwana wake akuti palibe mawu, ufawo unena. Kwa Laban, mumuuze kuti telala wa ku Chipyela akupereka moni. Dzina linalo sindilemba pano. Analitenga ndi iye, ndipo ndidikira kuti adzandibwezere yekha, malinga akhale ndi moyo wautali woti adzaganizire bwino.

Ine mlongo wanu,
Jeremiya