Bawuti ya m'thumba la bambo

12 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Musadabwe kuti ndalemba kalata. Pa foni sindingathe kuzinena izi, chifukwa mukangoimba bambo amakokera mpando pafupi, ndipo amacheza nanu bwinobwino moti mumadula foni mtima uli m'malo. Wanga suli m'malo.

Loweruka lapitali anavala ovolosi yawo ija, amvekere nthawi yosintha oyilo yakwana. Mukudziwa kuti galimoto yawo salola munthu wina kuigwira, ndipo inu amene simusiyanitsa sipanala ndi supuni anakutayani kalekale. Ndinkawaonera pa zenera la kukhitchini. Analiza kaye injini kuti oyilo afunde, anakweza galimoto ndi jeki, anaika zitsulo zochirikiza, n'kulowa pansi atagonera katoni. Oyilo wakuda bii anatsikira m'beseni. Fyuluta yakale anaimasula, yatsopano anaipaka oyilo ndi chala pa kalabala kake, n'kuimanga ndi dzanja lokha monga amachitira nthawi zonse. Ndinanyadira, achimwene. Ndinati zoiwala mayina ndi kusiya mpopi wosatseka zija ndi ukalamba chabe.

Nditatuluka ndi tiyi ndinawapeza akuthira oyilo watsopano, uku akuimba mluzu. Pansi oyilo yemweyo anali akuyenderera pa simenti mpaka kuzungulira nsapato zawo. Bawuti ya pansi pa injini, yotseka potulukira oyilo, anali asanaibwezere. Chigubu chonse chinatha, anatseka boneti, n'kupisa m'thumba kufuna makiyi kuti alize injini youma. Chimene chinatuluka m'thumbamo ndi bawutiyo.

Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana pansi.

"Ndakusokonezani ndine ndi tiyi wangayu, bambo," ndinatero.

"Eya, umalongolola ngati malemu mayi ako," anayankha.

Ndinakagula chigubu china, tinamalizira limodzi, simenti ndinaiwaza utuchi. Ndinaganiza zosakuuzani, poti wamkulu salakwa.

Mawa lake ndikuchokera kumsika ndinaona miyendo yawo itatulukira pansi pa galimoto. Inali pa jeki yokha, popanda zochirikiza, itapendekeka. Anali akukhetsa oyilo amene tinathira dzulo lake. Ndinataya katundu pageti n'kuwakoka miyendo ndikukuwa. Anadzuka atakwiya kwambiri.

"Walowetsa makaniko pakhomo pano ndani? Oyiloyu ndi woyera! Alipo wasintha osandiuza."

Za Loweruka sankakumbukira chilichonse, ngakhale utuchi unali pomwepo pa mapazi awo.

Tsopano ndiulule chimene chikundidya. Tsiku lomwelo jeki ndi masipanala ndinakasungitsa kwa aneba, makiyi ndinawabisa m'kabati ya makina osokera a mayi. Bambo sindinawauze. M'mawa uliwonse amafufuza m'matumba a majekete, pansi pa makushoni, ngakhale m'firiji. Akanandikalipira bwenzi ndikupepukidwa, koma sandiganizira n'komwe. Amangodzigogoda pachipumi n'kumati, "Mutu uwu, mutu uwu." Ine ndimaima pakhomo ndikudziwa pamene pali makiyiwo, n'kumawathandiza kufufuza. Ndikudziona ngati mfiti.

Kuwabwezera ndikuopa. Galimoto ikhoza kuwagwera, kapena akhoza kutuluka nayo n'kuiwala njira yobwerera, mwinanso kugunda mwana wa eni. Kuwauza zoona nakonso pakamwa pakundilemera. Munthu amene anatilera ndi chiwongolero zaka makumi atatu, ine ndikamuuze kuti basi, musadzagwirenso? Ndayesa kawiri, koma ndimangosintha nkhani.

Bwerani, achimwene. Musandiuze za kuntchito, nanenso ndili pa ntchito ndipo ndajomba masiku atatu. Mutu umodzi susenza denga. Bambo tikawaonetse kuchipatala tili awiri, ndipo za makiyizi tiwauze tili awiri, kuti akakwiya atikwiyire tonse. Ndatopa kukhala wabodza m'nyumba muno.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Bambo nawonso akupereka moni. Masana ano ndinawapeza atakhala m'galimoto, chitseko chili chotsekula, manja ali pa chiwongolero. Ndinawauza kuti ndikukulemberani, ngati ali ndi uthenga anene. Osandiyang'ana, anati, "Umuuze asachedwe. Abwere ndisanamuiwale."

Ndatha ine mlongo wanu,
Chitsirizira wa m'nyumba muno