Ulendo Wokafuna Gadiyani

Tyrrelstown,
Dublin 15,
3 November 2024.

Okondedwa achemwali anga, mayi a Dominiko,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati mwana wa sukulu yogonera konko. A Ronald, aja timapemphera nawo kuno, akunyamuka Lachitatu kubwera ku Lilongwe, ndiye ndawapempha kuti andinyamulire. Pa foni zandikanika. Timangoyamba za feteleza ndi za sukulu ya ana mpaka nthawi kutha, nkhani yeniyeni ili chikhalire.

Zithunzi za ulendo wanga munaziona pa WhatsApp, ndipo ndamva kuti ku Area 25 ndatchuka, akuti Magdalene akudyerera ku Ulaya. Asiyeni anene. Koma inu mudziwe kuti ku Belgium sindinapitire kukaona nyumba zakale ayi. Ndinapita kukafuna gadiyani.

Pa 19 mwezi uno, Lachiwiri, ndikulowa m'chipatala. Zotupa za m'chiberekero zija ndinkakuuzani kuti n'zazing'ono zakula, magazi akutayika kwambiri, ndipo adokotala ati palibenso njira ina koma kuchotsa chiberekero chonse. Ndalemba mawu amenewa kenaka ndaimirira kukamwa madzi. Mu Febuluwale ndikukwanitsa zaka makumi anayi. Ndinkanena moseka kuti ana anu andikwanira, koma mumtima ndinali ndisanataye chiyembekezo, ndipo zikundiwawa kwambiri.

Chipatala cha kuno n'chaukhondo, chakudya amapereka okha, ndipo palibe wogona pansi pa bedi monga munachitira inu amayi atagonekedwa ku Ntcheu. Vuto lili potuluka. Anandipatsa fomu yoti ndilembepo munthu wodzanditenga ndi kukhala nane masiku oyamba, chifukwa akuti sindidzaloledwa kunyamula ngakhale ketulo. Ine amene ndimasambitsa nkhalamba za eni ake ku Lucan tsiku ndi tsiku, ndinayang'ana mzere umenewo osapeza dzina lolembapo.

Mundifunsa za Christine, mnzanga wa ku Zambia amene ndimachita lendi chipinda m'nyumba mwake. Ndi munthu wabwino, koma ali ndi ana atatu ndi ntchito ziwiri, ndipo chimene chalowa m'khutu mwake Loweruka, Lamulungu chimakhala chafika ku mapemphero a amayi. Sindikufuna kuti chiberekero changa chikakhale mutu wa pemphero pamaso pa mpingo wonse. Ndiye ndinaganiza za Watipaso.

Mukumukumbukira, uja wa ku Rumphi amene ndinagona naye chipinda chimodzi zaka zinayi ku hositelo kuno ku Ireland tikudikira mapepala okhalira m'dziko muno. Tinkabwerekana jekete imodzi. Bambo atamwalira ine osatha kubwera, ndi iye amene anayala chitenje pansi n'kukhala nane masiku atatu ngati tili pasiwa. Kenaka anakwatiwa ndi mzungu wa ku Belgium, a Walter, n'kusamukira ku tauni ya Leuven. Zaka zisanu zinadutsa tikungotumizirana zithunzi.

Inu mukudziwa mmene amayi anatilerera. Nkhani yaikulu sapempha pa foni ngati ukuitanitsa makala. Umapita ndi miyendo yako, umakhala pansi, umalandira madzi, umadya, n'kudikira kuti mwini nyumba akufunse kuti, "Kaya mwangotiyendera?" Apo m'pamene umamasula zimene wabwerera. Choncho ndinangomulembera kuti ndikubwera masiku anayi, ndinagula tikiti ya ndege, n'kunyamula botolo la tsabola wa kambuzi ndi usipa wotsala uja munanditumizira.

Anandichingamira pa siteshoni ya sitima ku Brussels. Achemwali, tinakumbatirana mpaka anthu kumachita kutilambalala. Wanenepa pang'ono, tsitsi anameta, koma kuseka ndi komwe kuja kogwira m'mimba. Ndisanapume n'komwe anatulutsa pepala m'chikwama.

"Mag, ndapanga programme," anatero. "Lero Brussels, Thursday Bruges, Friday tikuwoloka border, Cologne. Ma ticket ndagula kale. Zaka zonsezi uli pa chilumba chija ngati mkaidi, lero uone Europe!"

Ndinaseka, ndinathokoza. Mumtima ndinati palibe kanthu, tikafika kunyumba andifunsa.

Ku Brussels anandionetsa bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi nyumba zopakidwa golide, kenaka anandikokera pa kona ina pomwe khamu la anthu akuluakulu linali kujambula kachiboliboli ka mwana akukodza. Ndinati kwathu ameneyu akanalandira chikwapu, osati ulemu wonsewu. Tinaseka mpaka misozi. Koma kunyumba tinapeza a Walter ataphika, munthu wofatsa ndi waulemu, ndipo anakhala nafe patebulo mpaka mapeto akundifunsa za mvula ya ku Ireland. Nkhani ya chiberekero pamaso pa mlamu? Ndinangodya mbatata zawozo n'kukagona.

M'mawa seveni koloko tinali kale pa siteshoni. Sitima za kumeneko si ngati Luas, kasitima kathu ka mu Dublin kopita ku Citywest komwe kamaima paliponse. Zina n'zosanjikizana, umakhala pamwamba n'kumaona minda yosalala ngati aisita, ng'ombe zonenepa zopanda m'busa, matauni akungodutsa. M'kati anthu amakhala chete ngati ali pa mayeso. Tili pakati pa ulendo wa ku Bruges, Watipaso anandiyang'anitsitsa n'kuti, "Mag, ndikufunse kanthu?"

Mumtima ndinati nthawi ija yakwana. Ndinakhala bwino pampando.

"Ku Dublin ufa mumagula kuti masiku ano? Kuno ndi wa yellow wokhawokha."

Ndinamuuza za shopu ya anthu a ku Nigeria ku Blanchardstown.

Bruges akuti ndi tauni yokongola kuposa matauni onse, ya ngalande, mabwato ndi ngolo zokokedwa ndi akavalo. Mwina n'zoona. Ine chimene ndinaona kwambiri ndi zimbudzi zake, chifukwa tsiku limenelo magazi sanandipatse mpata. Watipaso ankandidikira panja atanyamula chikwama changa, n'kumati tiyi wa ku Ireland wandiwononga chikhodzodzo. Chithunzi chija ndili pa mlatho ndavala sikafu yofiira, chimene munati ndikuoneka ngati mkazi wa nduna, ndinagwira chitsulo cha mlathowo kuti ndisagwe.

Lachisanu tinalowa m'dziko la Germany popanda wotifunsa pasipoti. Ku Cologne ukangotuluka mu siteshoni, tchalitchi chili pomwepo, chakuda bii, chachitali mpaka khosi kuwawa. Watipaso anati tikwere nsanja yake, masitepe oposa mazana asanu. Ndinayesa. Ndisanafike patali maso anachita mdima, ndinati nsapato zikundiluma, ndibwerera.

"Wakalamba iwe!" anakuwa akuseka, n'kupitirira.

Ndinalowa m'tchalitchimo n'kukhala pa benchi ya kumbuyo. Anthu ankalowa awiriawiri, ena ndi ana, akunong'onezana m'zilankhulo zawo. Sindinasungulumwepo chotero chibwerereni kuno, achemwali, ngakhale ku hositelo. Mnzanga wapamtima anali pamwamba pa mutu wanga penipeni akujambula mtsinje, ine pansi ndikuyeseza mawu omupemphera. Ndinayatsa kandulo ngakhale ndife a CCAP, musakawauze abusa. Atatsika anandifunsa kuti, "Uli bwino koma?" uku akuyang'ana wotchi chifukwa sitima inali pafupi. Ndinati ndili bwino. Funso la munthu woimirira, chikwama chili paphewa, ine sindinaliwerengere ngati funso.

Loweruka anandiperekeza mpaka ku Brussels. Tinakhala pa benchi kudikira sitima ya ku bwalo la ndege, patatsala mphindi khumi. Ndinali nditatsimikiza kuti afunse asafunse, ndinena. Ndikutsegula pakamwa, iye anandigwira dzanja.

"Mag, sukudziwa mmene wandithandizira. Kuno ndimatha mwezi osalankhula ndi munthu wakwathu. Leave yanga ya chaka chino inangotsala three days. Walter amafuna tidzapite kwa amayi ake pa Christmas, ndinakana, ndinati three days imeneyi ndi ya Magdalene. Ndiye mpaka January sindipuma ngakhale tsiku limodzi, bwana wanga samva za munthu. Koma sindikudandaula, ndasangalala."

Anapukuta misozi, kenaka anasintha mawu kutsanzira azimayi akuluakulu akwathu, akuseka.

"Kaya mwangotiyendera, mayi?"

Funso limene ndinalidikira masiku anayi linabwera ngati nthabwala, masiku amene ndinadzapempha titawadya kale m'sitima. Ndikanamuuza, ndikumudziwa Watipaso, akanalira pa siteshoni pomwepo, akanakakangana ndi bwana wake, mwina n'kutaya ntchito imene anaivutikira zaka ziwiri akuphunzira chilankhulo chawo. Kapena akanalephera kubwera, n'kutsala akudziimba mlandu kuti anandikweza masitepe ndikudwala.

"Ndangokuyendera, Wati," ndinatero.

Sitima inabwera, ndinakwera, iye anayenda m'mbali mwa zenera akubayibitsa mpaka pothera simenti.

Ku Dublin ndinapeza mvula yathu ya masiku onse. Christine ananditsegulira chitseko n'kuti, "Manje wabwela na chani ku Europe? Chokoleti chabe? Koma wayonda maningi iwe." Ana ake analandira chokoleticho, anathokoza m'Chingerezi n'kuthawira pa TV. Ine ndinakwera kuchipinda kwanga n'kupeza fomu ija ili pomwe ndinaisiya.

Ndikudziwa chimene munene, kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. N'zoona, ndipo ndadzinena kale kuposa mmene mungandinenere. Tsiku loyamba lomwe lija ndikanalankhula, matikiti akanabwezedwa, masiku akanasungidwa. Nthawi zina ndimamukwiyira Watipaso kuti anaiwala msanga kuti mlendo amafunsidwa atakhala pansi. Nthawi zina ndimawakwiyira amayi chifukwa cha ulemu anatiphunzitsawu. Koma wopusa ndi ine, amene ndinanyamula mwambo wa pakhonde kupita nawo kwa anthu oyendera wotchi.

Fomu ndinakapereka Lachisanu lapitali. Pa mzere uja ndinalemba dzina lanu ndi nambala yanu. Namwino ataona kuti nambalayo si ya kuno anafunsa ngati muli mu Dublin, ine ndinati mukubwera. Mundikhululukire, ndakunamizirani. Za wodzanditenga ndiona mmene ndichitire, mwina ndidzamuuza Christine tsiku lomaliza, mwina ndidzangoitana takisi. Musavutike ndi za ndege, visa yake singatuluke m'masabata awiri.

Amayi musawauze, BP yawo mukuidziwa. Mukapita ku Ntcheu mukawaonetse chithunzi cha pa mlatho chija, mukati mwana wawo akupereka moni ndipo akudya bwino. Moni kwa alamu. Dominiko mumuuze alimbikire, mayeso sali patali. Joy mumupsompsone m'malo mwanga, nsapato zake zili m'chikwama cha a Ronald, ngati zakula adzakuliramo. Watipaso akakulemberani pa Facebook, mudzangoti ndinabwerako wosangalala.

Pempho langa ndi limodzi. Lachiwiri pa 19 adzandilowetsa ku opaleshoni eyiti koloko m'mawa, kwanuko idzakhala teni. Foni mudzaitchajiretu dzulo lake, ndipo tsiku limenelo musadzaisiye m'nyumba popita kumsika. Ikadzalira nambala yachilendo mudzayankhe, mudzanene kuti ndinu mchemwali wanga. Zikayenda bwino kapena zikavuta, palibenso wina amene achipatala adzamuimbire.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,

Magdalene.