Chifukwa Chiyani Kum'mawa?

Loweruka, 6 Julaye 2024

Ndapita. Ilham wapambana. Mwana wangayu chiyambireni unesi, tonse m'banja muno tinasanduka odwala ake. Akuti mawondo angawa sakufuna mapiritsi okha, akufuna kugwira ntchito. Zaka makumi atatu ndikupalasa makina osokera ku City Market, lero ndiuzidwe kuti miyendo yanga ndi yaulesi!

Mabasi awiri kuchoka kuno ku Chelstone kukafika ku Kabwata. Chisanu cholowa m'mafupa. Bwalo la kuseri kwa holo ina, fumbi lokhalokha. Ophunzira khumi ndi mmodzi. Masewerawo akuti tayichi. Ndimayembekeza Mtchaina. Ayi ndithu, ndapeza Mbemba wa ku Luanshya, ba Ng'andu, wamfupi, wadazi, nsapato zansalu. Akuti anakhala ku China zaka zisanu ndi chimodzi akumasulira chinenero, m'mawa uliwonse n'kumaphunzira kwa mkulu wina. Akuti. Anamuona ndani?

Zomwe tachita: kuima. Basi. Mawondo opinda pang'ono, manja ngati wakumbatira dramu la madzi. Kenako kuyendetsa manja pang'onopang'ono ngati munthu amene wangodzuka kumene pa malungo. Ilham walipira kale, koma sakunena kuti zingati. Ndiye kuti n'zambiri.

Ine chomwe ndikufuna n'chimodzi. Zaka ziwiri tsopano ndikuswali nditakhala pampando wapulasitiki kumapeto kwa mzere, limodzi ndi nkhalamba zopanda mano. Ine wa zaka 57. Zimandipweteka mtima Lachisanu lililonse. Ndikufuna ndigwade, chipumi chifike pamkeka pamaso pa Allah, ndidzukenso ndekha popanda wondikoka. Ngati kukumbatira dramu kungandifikitse pamenepo, ndilikumbatira. Koma ndili tcheru.

Lachitatu, 10 Julaye

Pomaliza amapereka nthawi ya mafunso. Apa ndiye pomugwirira munthu.

Woyamba Killian, mlonda wa ku Heavy Industrial Area, chimunthu chachikulu. "Manje ba ticha, tizayamba liti kumenya?" Ba Ng'andu akuti, "Ukaziba kuimilila." Kenako anamuuza kuti amukankhe pachifuwa. Killian anakankha mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Munthu osasuntha. Atangopotoloka pang'ono, Killian uyo dzandidzandi mpaka kukagwira mpanda. Onse m'manja. Ine ayi. Kapena anapangana, kapena pali mankhwala. Tichayo ndinamuyang'anitsitsa m'chiuno ndi m'mikono ngati pali kachingwe. Sindinaone kanthu, komatu wamankhwala saonetsa.

Wachiwiri Exildah, mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta, timadziwana kumsika. Abusa ake anamuuza kuti izi n'zausatana. Anafunsa ngati mphamvu ya m'kati imene ticha amanenayi, imene amati chi, ndi mzimu. Yankho: ndi kupuma, magazi ndi maganizo zikamayendera limodzi. "Ine nipemphela ku Katolika, ba mayo." Eya. Wonyenga aliyense amapemphera kwinakwake.

Ine sindinafunse kanthu. Poyamba ndi pomaliza onse amaika chibakera m'chikhatho n'kuweramira ba Ng'andu. Ine ndinaima njo. Sindiweramira munthu. Anandiona, anangopitiriza zake. Kusasamala kumeneko sikunandisangalatse.

Loweruka, 20 Julaye

Lero ndafunsa. Zinthuzi anaziyambitsa ndani? Sanabise. Akuti anthu a chipembedzo cha Tao, ena a iwo okhala kumapiri, ofuna moyo wautali. Ndinati, ndiye pano tikupembedza? "Iyayi, ba Abdul. Pano tiphunzila chabe kuimilila na kupema." Kupema ndiko kupuma. Anayankha msanga kwambiri, ngati analikonzeratu.

Katongo, mkulu wina wa shuga, anafunsa ngati asiye mankhwala a kuchipatala. Anamukalipira: asayerekeze. Apo pokha ndinamuvomereza.

Watipatsa ntchito ya kunyumba. M'mawa uliwonse, panja, dzuwa likamatuluka, kuyang'ana kum'mawa, kuima mphindi khumi.

Potsika basi m'tauni sindinagwire chitseko. Ndazindikira nditayenda kale. Ilham sindimuuza, angayambe matama.

Lachiwiri, 30 Julaye

Magetsi kulibe tsiku lachitatu. Mayunifomu a sukulu ndikusokera makina opalasa, ndipo bondo lakumanja silikudandaula ngati kale.

Ndikabwera ku swala ya m'bandakucha ndimamwa tiyi, kenako kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mgwafa. Ndimaima. Dzuwa limatulukira pamwamba pa mpanda n'kundiwomba kumaso. Ndimamva bwino. Chimene chikundivuta n'chomwecho, kuti ndikumva bwino kwambiri.

Dzulo china chake chinasuntha pampanda wa kwa Che Suleiman. Lero kachiwiri. Munthu amene tayandikana naye zaka makumi awiri, makolo athu anachokera mudzi umodzi ku Mangochi, ali m'komiti ya mzikiti. Moni wake masiku ano wafupika. Ndamuuza mkazi wanga Zuhula, akuti ndimakayikira ngakhale nkhuku.

Lachisanu, 2 Ogasiti

Manyazi.

Itatha swala ya Ijuma a Shehe anandiitanira pambali, kuseri kwa mipopi yotawazira. Mwaulemu, mawu otsika. "Che Abdulkadiri, tamva kuti mumaimirira dzuwa likamatuluka, manja mutatambasula, osayang'ana ku Chibula kumene Msilamu amayang'ana poswali. Tiuzeni kuti si zoona."

Tinaphunzira tili ana ku madrasa: dzuwa likamatuluka sitiswali, kuopa kufanana ndi olambira dzuwa. Mwana aliyense amadziwa. Ine mwana wa munthu amene anaitanira swala zaka makumi anayi, ndaima masiku khumi ndi awiri maso ali padzuwa, pa nthawi yeniyeniyo, osaganizako ngakhale kamodzi! Ndinali kalikiliki kusaka zithumwa m'chiuno mwa munthu.

Ndinati ndi masewera olimbitsa mawondo. Akuti mwina, koma woona sangasiyanitse, ndipo mtima umatsatira zimene thupi lazolowera. Ndisiye kaye.

Potuluka anthu amandipatsa njira kwambiri. Che Suleiman anali kalikiliki kufuna nsapato zake zimene zinali pamapazi pake pomwepo. Akanabwera kwa ine, munthu wa khomo loyandikana! Mpanda umodzi. Wasankha kukwera basi kukanena kwa a Shehe.

Ndipo uja wa ku Kabwata ankadziwa. Sangakhale osadziwa. Amayamba ndi mawondo, kenako dzuwa, kenako chiyani?

Loweruka, 3 Ogasiti

Ndinapita osati kukaima, koma kukafunsa. Sindinadikire nthawi ya mafunso. Pamaso pa onse: chifukwa chiyani kum'mawa? Chifukwa chiyani dzuwa likamatuluka?

Ndimadikira kuti azembe. Anasisita dazi lake. Kenako anati akale aja ankakhulupirira kuti dzuwa lotuluka lili ndi mphamvu imene imalowa mwa munthu, ndipo mphunzitsi wakenso ankakhulupirira zomwezo. "Siningakunamizeni." Iye mwini akuti sakudziwa. Anauzidwa choncho, nayenso amangouza ena choncho. "Mwanifunsa chamene ine sin'nafunsepo."

Ndinamufotokozera za lamulo lathu ndi za a Shehe. Nkhope yake inagwa. Anapepesa kawiri. Akuti ndiyang'ane kulikonse, nthawi iliyonse, ngakhale kuchimbudzi. "Makufi siyaziba kum'mawa, ba Abdul." Makufi ndiwo mawondo m'chinenero chawo.

Exildah anatola chikwama chake n'kutuluka osatsanzika. Ba Ng'andu anamuyang'ana mpaka pageti, osamuitana. Inenso ndinachoka.

M'basi mutu unali pa chinthu chimodzi. Wotchera msampha savomera kuti ndi msampha. Kapena kuvomerako ndiye msampha wake? Sindikumukhulupirira munthu wopepesa msanga.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ku Kabwata sindinapondeko. Ilham anaimba foni, anakalipa ngati ndine mwana wake. "Adadi, mukufuna mufere pampando?" Ndinadula.

Masiku asanu ndi atatu osachita kanthu, mawondo anayambanso kuuma ngati zitseko za dzimbiri. Ndiye ndayambiranso. M'chipinda, makatani otseka, tikatha kudya madzulo, dzuwa litalowa kalekale. Ndimayang'ana wadirobu. Zuhula analowa mwadzidzidzi n'kuti, "Tsopano mwayamba kulambira wadirobu?" Anaseka mpaka kukhala pabedi. Ndamulumbiritsa kuti asauze mkazi wa Che Suleiman.

Ngati n'zadzuwa, bwanji zikugwira ntchito pa wadirobu? Funso limeneli ndilibe womufunsa.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Ndagwada.

Swala ya Asiri, chakumadzulo, ndekha kunyumba. Sindinakonzekere. Ndinangoona kuti mawondo akupita, ndinawasiya. Manja pansi. Chipumi pamkeka. Fungo la mkeka ndinali nditaliiwala. Ndinalira ngati mwana, mawu a swala osatuluka bwino. Podzuka ndinagwira bedi, ndipo bondo lakumanzere linabaya, koma ndinadzuka.

Zuhula anali pakhomo. Sanaseke ulendo uno.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Tsiku loipa kuposa la a Shehe lija.

Ndinapita ku Ijuma ndi mtima woti lero ndilowa mumzere. Nditangovula nsapato, Che Suleiman uyo wanyamula mpando wanga, waupukuta ndi kansalu, waundiikira pamalo pake. Chifundo kapena chipongwe? Nkhope yake siwerengeka. Maso onse pa ine. Ndinaganiza: ndikagwada lero, anena kuti dzuwa lamupatsa mphamvu.

Ndinakhala pampando.

Mpando ndi wa munthu amene sangathe. Ine ndingathe, ndipo Allah anandiona Lachitatu. Ndiye swala ya leroyi ndinaswalira ndani? Ndinaswalira Che Suleiman. Ndimaopa kulambira dzuwa, ndalambira maso a anthu. Chakudya chamasana sindinadye.

Loweruka, 24 Ogasiti

Ndinabwerera ku Kabwata. Kunyumba ndinatulukira geti lakumbuyo, thumba la nsalu paphewa ngati ndikupita kushopu. Atsala asanu ndi awiri. Exildah anapita ndi anzake atatu.

Ba Ng'andu anangoti, "Muli shani, ba Abdul," ngati tinaonana dzulo. Tsopano amaimika anthu mozungulira, aliyense kuyang'ana mnzake. Sananene chifukwa.

Funso langa: munthu angadzuke bwanji pansi osagwira kanthu? Anati ndimuonetse mmene timagwadira. Ndinakayika. Kuonetsa swala pafumbi, pamaso pa Akhristu? Ndinati si swala, ndikungoonetsa mawondo. Killian anavula jekete lake la ntchito n'kuyala pansi.

Sanaseke aliyense. Ba Ng'andu anagwada pambali panga, kuyesa yekha, kawiri, katatu. Kenako anati ndimalakwitsa podzuka ndi mawondo okha. Zala za kumapazi zigwire pansi, thupi libwerere kuzidendene, mutu ukwere ngati ukukokedwa ndi ulusi. Ndipo ndisamagwire mpweya. "Chosani mpweya, ba Abdul. Chosani." Kachisanu ndinadzuka manja ali pantchafu basi.

Anafunsa kuti timachita kangati patsiku. Nditamuwerengera anagwira pakamwa. Akuti ndiye ife tili ndi masewera kale. Mwina amandinyengerera kuti ndisachokenso. Mwina.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Ndinalowa mumzere wachiwiri. Kumanzere kwanga, mwa anthu onse, Che Suleiman. Phewa ndi phewa.

Ndinagwada nawo limodzi. Chipumi pansi. Kupweteka kunalipo, koma kwa munthu wamoyo. Itafika nthawi yoimirira, ndinadzifunsa: ndikakanika pano? Ndipo m'mutu mwanga, mkati mwa swala, mumzikiti, munamveka mawu a Mbemba wa ku Katolika. Chosani mpweya, ba Abdul. Ndinatulutsa mpweya. Ndinaima.

Titamaliza, Che Suleiman anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Maso ake onyowa, misozi yeniyeni, ndinaiona. Mpando uja sichinali chipongwe. Anakweza mawu kuti a Shehe ndi onse amve: "Alhamdulillah! Mwaona? Atangosiya zachitchaina zija, Allah wawachiritsa!"

Anthu anandizinga. A Shehe anandisisita paphewa, akuti nkhani yangayi ikhale phunziro kwa ena. Onse akudikira kuti ndinene kanthu.

Ndinati, "Alhamdulillah."

Basi. Dzina la ba Ng'andu linali pakamwa, ndinalimeza.

Iye ndinamufunsa pamaso pa ophunzira ake, anayankha zoona, anayi n'kumuthawa. Miyezi iwiri ndakhala ndikumusaka bodza. Mawa Loweruka. Andifunsa kuti zinayenda bwanji kumzikiti, ndikumudziwa, andifunsa akumwetulira, ndipo ine ndikamuyang'ana kumaso ndinena kuti...