Lenzi Yokokera a Wapampando Kutsogolo

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA KALABU YA MPIKISANO WA MAGALIMOTO

Tsiku: Loweruka, pa 14 Malichi
Malo: Chipinda chosungira matayala, kuseri kwa galaja
Opezeka: Wapampando, Msungichuma, yemwe ndi mlamu wawo wa Wapampando, a Makaniko, a Mabuleki, omwe amapambana mpikisano uliwonse, Mlembi
Mlendo: Wogulitsa makamera
Opepesa: Wojambula wa kalabu, mwamuna wa Mlembi. Ali kunyumba, mwendo uli m'chikhakha.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula msonkhano mochedwa ndi mphindi makumi anayi. Anati msewu unali wodzaza. Komiti sinadabwe, poti ndi mmene amafikiranso pa mpikisano.

2. Za ngozi ya pakona

Mlembi anakumbutsa komiti kuti pa mpikisano wapitawu tayala linaguluka pa galimoto ina n'kuthyola mwendo wa Wojambula, yemwe anaima pakona, mkati mwa mpanda. Amaima pamenepo chifukwa lenzi ya kamera ya kalabu ndi yaifupi: akajambulira kunja kwa mpanda, magalimoto amaoneka ngati nyerere. Mlembi anapempha kuti pagulidwe lenzi yokoka zakutali, chifukwa mwamuna wake ndi wamakani ndipo akangochira adzabwerera pakona pompo.

Wapampando anati tsoka silinunkha. Anafunsanso ngati kamera inapulumuka. Inapulumuka.

3. Kusankha lenzi

Wogulitsa anayala malenzi atatu pa boneti yakale yomwe ndiyo tebulo lathu. Yoyamba inali yatsopano, ya mamilimita 300, yomwe imayeretsa yokha chithunzi galimoto ili pa liwiro. Mtengo wake utatchulidwa, Msungichuma anatsokomola, ndipo nkhani yake inathera pomwepo. Yachiwiri inali yogwiritsidwapo kale ntchito, yofikanso 300, yopepuka, yoyeretsanso yokha, mtengo wofikirika. Wogulitsa analangiza imeneyi. Yachitatu inali yakalekale, ya 500, yotchipa kuposa zonse, koma yochita kupotokola ndi dzanja ndiponso yofuna choimikira.

A Makaniko ananyamula malenziwo imodziimodzi monga amachitira ndi masipeyala. Yachiwiri anaibweza mwachangu, amvekere: "Ichi n'chidole ichi. Chitsulo chenicheni chimadziwika ndi kulemera." Ya 500 anaisisita ngati mwana. A Mabuleki anavomereza, ponena kuti 500 imaposa 300 kulikonse, ngakhale pa injini. Wogulitsa anayesa kufotokoza kuti lenzi si giyabokosi, koma panalibe womumvera.

Wapampando anakana zonse zitatu. Anati: "Mayi Mlembi, tisamawononge za kalabu. Munthu ali ndi miyendo. Akafuna chithunzi chachikulu amangosendera pafupi." Mlembi anayankha kuti bambo akunyumba anasendera kale, ndipo panopa mwendo wosenderera watsala umodzi. Wapampando anapempha kuti yankholi lisalembedwe.

Apa Wogulitsa anatulutsa chithunzi chomwe anajambula yekha tsiku la ngozi, ali pamwamba pokhala oonerera. Anafotokoza kuti lenzi yaitali imapanikiza mtunda, moti zinthu zotalikirana zimaoneka ngati zagundana. Pa chithunzicho galimoto ya Wapampando inali kununkhiza bampala ya a Mabuleki.

A Mabuleki anati zimenezo n'zabodza, chifukwa nthawi imeneyo Wapampando sankaoneka ngakhale pa galasi loonera kumbuyo. Wapampando anavala mandala, anayang'ana kwa nthawi yaitali, ndipo anati chithunzi sichinama. Anafunsa kuti yopanikiza kwambiri ndi iti. Atamva kuti ndi ya 500, anatembenukira kwa Msungichuma n'kuti: "Alamu, kodi chitetezo cha munthu tingachiikire mtengo?" Chifuwa cha Msungichuma chinapola nthawi yomweyo.

Wogulitsa anachenjeza kuti ndi lenzi yopotokola ndi dzanja, pa zithunzi khumi zilizonse, zisanu ndi zitatu zidzatuluka zachimbuuzi. Wapampando anati ziwiri zotsalazo n'zokwanira, bola iwo akhalemo.

Chigamulo: igulidwe ya 500. Onse asanu anakweza manja. Mlembi akudziwa kuti ndiyo yoipa mwa zitatuzo, koma anamva Wogulitsa akunena kuti munthu sangajambule nayo ali pafupi, ndipo kwa iye zinakwanira.

4. Zina ndi zina

Wapampando anati lenzi yaifupi ija ikadali yabwinobwino, ndipo kungakhale kuwononga kuti izingokhala m'kabati. Anaganiza kuti Wojambula akachira azinyamula zonse ziwiri, yaitali kumayambiriro kwa mpikisano, yaifupi pakona monga kale.

Mlembi anatulutsa lenzi yaifupiyo m'chikwama mwake n'kuiika pa boneti. Anati poti Wojambula adzakhala pamwamba ndi yaitali, pakona paime mmodzi wa a komiti, ndipo anapempha wodzipereka. A Makaniko anati maso awo ndi ofooka. A Mabuleki anati iwo amakhala akuyendetsa. Msungichuma anayambiranso kutsokomola.

Mlembi anapempha Wapampando kuti apumule mpikisano umodzi wokha, aonetse chitsanzo, poti zotsatira sizingasinthe. Wapampando anamenya boneti ndi chikhatho n'kunena kuti: "Mwapenga kodi, mayi? Pakona paja m'pofera! Ine ndili ndi ana. Munthu wamutu wake sangaime pamenepo!"

Mlembi anawawerengera mawuwa kawiri kuti atsimikize ngati wawalemba bwino. Kenaka anadziwitsa komiti kuti Wojambula waima pamalo pomwepo zaka zisanu ndi zinayi, motumidwa ndi komiti yomweyi, ndipo naye ali ndi ana atatu. Lenzi yaifupi inabwerera m'chikwama cha Mlembi, ndipo palibe anafunsa komwe ikupita.

5. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Komiti idzakumananso Loweruka pa 11 Epulo, malo omwewa. Msonkhano unatsekedwa 4 koloko madzulo.

Wapampando: ........................ (anati akawerenga kaye)
Mlembi: wasaina